Tsiku Limene a Sanafe Anasowa Chonena

Pa Thambani mukafunsa za a Gervasio, anthu amayamba ayang'anizana kaye. Koma mungoti "a Sanafe," ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani ndi mlomo: uko, kuseri kwa chigayo, kanyumba ka malata adzimbiri kali ndi sipika padengako. Dzinalo si la ubatizo ayi. Analipeza pantchito, ndipo ntchito yawo inali yoonetsa vidiyo.

Kuonetsa kokha aliyense angathe, n'kungokanikiza batani basi. Luso la a Gervasio linali pakamwa. Ankakhala pakampando pambali pa TV, maiki ili kumanja, n'kumawalankhulira anthu a mufilimu. Chingerezi ankadziwa cha moni chokha, Chitchaina ndiye musanene n'komwe, koma zimenezo sizinkawadetsa nkhawa. Filimu yatsopano ikabwera ankadzitsekera okha m'kanyumbamo, n'kuionera yonse mpaka kumapeto, kuwerenga nkhope za anthu, kuwapatsa mayina akwathu konkuno. Mzinda wa nyumba zosanjikizana unkasanduka Limbe. Chigawenga chandevu chinkakhala mkamwini wa kwa Kanduku amene anathawa ndi mbuzi za apongozi ake. Lamulo lawo linali limodzi lokha: filimu imene sanaionere kaye paokha, sankailankhulira pagulu.

Ndiye panali chinthu china chimene anthu ankachidikira ndi mtima wonse. Mufilimu ya a Gervasio simunkafa munthu. Wina amuombere zipolopolo zodzadza lichero, agwe kuchokera pamwamba pa nyumba, galimoto imuphulikire, a Gervasio ankangotsitsa mawu n'kunena mofatsa ngati namwino: "Sanafe ameneyo. Wangokomoka. Apita naye kuchipatala, akamubaya jakisoni, mawa adzuka." Anthu ankafa nalo phwete. Achinyamata ankakuwa kumbuyo kuti, "Bodza, madala! Mutu uli apo, thupi lili apo!" Iwo osatekeseka: "Epa, madokotala a kumeneko amasoka."

Ambiri ankayesa ndi nthabwala chabe, ochepa okha ndi amene ankadziwa kumene zinachokera. A Gervasio anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ndipo anawoloka nthawi ya nkhondo ali mnyamata wongoyamba kumera ndevu, atasiya bambo awo ndi achimwene awo m'njira, osakwiriridwa. Kukampu ya othawa nkhondo ndi kumene anaonera filimu koyamba, pansalu yomangirira kumitengo. Munali kuomberana. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nawo atangoona munthu akugwa pansalupo, anayamba kunjenjemera thupi lonse, kufuna kuthawa. Mnyamata uja anangomugwira dzanja n'kumunong'oneza kuti, "Sanafe, amayi, wangokomoka." Mayiyo anakhala pansi. Ulendo wotsatira anadzamufunafuna kuti akhalenso naye pafupi, ndipo anabwera ndi anzake.

Mtendere utabwera, malole anayamba kututa anthu kubwerera kwawo. A Gervasio anati ine ndibwerera kwa yani? Anatsala, pamodzi ndi Amelia, mtsikana amene anakumana naye pamzere wolandirira ufa, nayenso wopanda wachibale wotsala. Anayamba ndi ganyu kwa Nthache, anawotchako makala mpaka chifuwa chinawaletsa, kenako anagula TV yakale ndi batire la galimoto. Masiku amenewo, abale, pa tsiku la msika anthu ankachita kupanikizana mpaka pakhomo, ena kukhala pamiyendo ya anzawo. Mayi Amelia ankakazinga mtedza panja, khutu lili m'kati. Mwana Mulungu anawapatsa mmodzi yekha, Melvin, ndipo anakulira pabenchi yakutsogolo ya kanyumba komweko.

Koma dziko silikhala pamodzi. Mafoni atabwera, aliyense anayamba kuyenda ndi filimu m'thumba, yolankhuliridwa kale ndi anyamata a m'tauni. Mabenchi aja anayamba kudzadza pa tsiku la mpira pokha, ndipo pa mpira aliyense amadzilankhulira yekha. Melvin anaona kuti apa palibe tsogolo, anakwera basi ya ku Joni ngati anzake. Chaka chomwecho matenda a shuga anayamba kudya maso a mayi ake, pang'onopang'ono, mpaka anatsala ongosiyanitsa usana ndi usiku. Kuyambira pamenepo a Gervasio anatsala ndi womvera mmodzi wokhulupirika. Ankawafotokozera akazi awo chilichonse: mtambo wakuda ukuchokera kuti, ndani wadutsa pamsewu atavala chitenje chotani, nkhuku iti yakhalira mazira. Mayi Amelia ankati, "Maso anga ali pakamwa panu, bambo a Melvin."

Tsono nayi nkhani imene inkawadya a Gervasio m'kati. Melvin anamwalira. Anamwalira ku Joni konko ndi chifuwa, m'kachisakasa ka malata, ndipo popeza analibe mapepala, anaikidwa ndi anthu a boma la kumeneko, pamanda amene palibe angakulozereni. Uthenga unabwera ndi Petro, mnzake wa ku Neno amene ankagona naye chipinda chimodzi. Petro anachita zaumunthu ndithu. Anatsika basi pa boma, anakwera pikapu ya matola mpaka pa Thambani, anawapeza a Gervasio ali okha akupukuta mabenchi, n'kuwauza maso ndi maso. Anasiya jekete la malemuyo n'kubwerera tsiku lomwelo. A Gervasio anamuuza kuti zotsalazo achita okha, popeza kunalibe malume kapena wachibale aliyense woti amutumizire uthenga.

Koma sabata imeneyo mayi Amelia anali atangotuluka m'chipatala, BP itakwera mpaka kuwagwetsa pabwalo, ndipo adokotala anali atanenetsa kuti asamamve zodzidzimutsa. A Gervasio anabisa jekete lija m'katoni ya ma CD akale, anatseka kanyumba, n'kupita kunyumba. Anawapeza akazi awo ali pamkeka akuswa mtedza. Anakhala pambali pawo, anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Melvin wapeza ntchito ina, kumunda wa mphesa, kutali kwambiri. Akuti kumeneko kulibe netiweki. Wapereka moni."

Zala za mayi Amelia zinaima kanthawi. Kenako anangoti, "Oho," n'kupitiriza kuswa mtedza wawo.

A Gervasio anati mumtima anena mawa. Mawa lija anati adikire kaye BP itsike. Itatsika anati Khirisimasi idutse. Zengerezu adalinda kwawukwawu, abale inu. Mvula inagwa, anthu anakolola, inagwanso, anakololanso. Ndipo bodza lili ngati khanda, limafuna kudya tsiku ndi tsiku. A Gervasio ankapeka moni, anapeka bwana wa Melvin wamimba yaikulu wokonda agalu, anapeka kuzizira kwa kumeneko. Mayi Amelia ankamvetsera osafunsa zambiri. Sanapemphepo kuti amuimbire foni amve mawu ake. Kukwaya ya amayi anasiya kupita, ankati pakhosi pakuwawa, ndipo amuna awo ankayesa ndi shuga yomweyo.

Ine sindikuwaikira kumbuyo a Gervasio ayi. Kwathu kuno maliro n'kulirana, ndipo kumubisira mayi imfa ya mwana wake n'kumubera. Koma ndani wa ife akanafika pamkeka paja n'kulankhula? Iwo eni ankalira okha m'kanyumba ka vidiyo, atakweza sipika kuti asamveke. Anaonda mpaka lamba anachita kumuboola ndi msomali. Chimene ankaopa chinali chimodzi: kuti tsiku limene mawu amenewo adzatuluke pakamwa pawo, adzakhala ndi maliro awiri, n'kutsala okha padziko ngati mmene anawolokera malire.

Ndiye kunabwera Tiyese. Tiyese ndi mwana wa kwa Nthache, amene ali wamng'ono ankasuzumira mafilimu pakabowo ka chitseko mpaka a Gervasio anatopa ndi kumuthamangitsa, n'kuyamba kumulowetsa ulere. Anakula, anakhoza mayeso, anapita ku yunivesite ku Blantyre, ndipo kumeneko analowa kalabu ya mafilimu. Ana amenewo, ndikuuzeni, ali ndi zawo. Lachisanu lililonse amasonkhana m'chipinda n'kumaonera mafilimu akalekale a m'mayiko akutali, akuda ndi oyera basi, momwe munthu amatha kuyenda kuchoka pano kukafika pachigayo osalankhula kanthu. Ikatha amakangana mpaka thovu kukamwa, wina akuti wojambula amatanthauza ichi, wina akuti ayi. Patchuthi anaganiza zotengera mafilimu amenewo kumidzi, ndipo Tiyese anati ayambire kwawo.

Vuto linali lakuti mawu a m'mafilimuwo amalembedwa m'munsi m'Chingerezi, ndipo amathamanga kwabasi. Tiyese anapita kwa a Gervasio, anawapeza pakhonde ndi akazi awo, anagwada n'kupereka moni.

"Achimwene a Melvin akupeza bwanji ku Joni?" anafunsa mwaulemu.

"Ali bwino," anayankha msanga a Gervasio. "Ntchito yachuluka."

Mayi Amelia anawerama n'kumakonza mpendero wa chitenje chawo. Tiyese anafotokoza chimene anadzera.

"Ankolo, popanda inu sizitheka. Ine ndizikunong'onezani zimene akunena, inu muziwapatsira anthu."

"Ndiionere kaye ndekha. Lamulo langa ukulidziwa."

"Anzanga afika nayo Loweruka m'mawa. Muionera, ndiye tionetsa masana. Koma ankolo, chonde, imeneyi musaisinthe. Tikufuna anthu akambirane zimene zilimodi."

A Gervasio anaseka, kuseka kwenikweni kumene pakhomopo panali patakusowa. Madzulo ake anachapa shati yawo yoyera. Mayi Amelia anati nawonso apita, papita nthawi asanamve filimu ya amuna awo.

Loweruka lija pikapu imene inanyamula anawo inaphulika tayala panjira, sipeya nayo inalibe mpweya. Anafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, holo ya tchalitchi itadzadza kale, mawindo atatchingidwa ndi mabulangete, makanda akulira ndi kutentha. Nthawi yoti aionere okha panalibe. A Gervasio anafuna kukana. Anayang'ana anthu, ena ochokera kwa Kanduku wapansi, anayang'ana akazi awo atakhala kale pabenchi yakutsogolo ndi duku lawo la Lamulungu, basi anatenga maiki. Sipika ina anawo anaipachika panja pamtengo kuti osowa malo azimva.

Filimu inayamba pakhoma loyera. Linali dziko la mapiri ndi nkhosa, anthu ake ovala zikhothi zolemera. Munali mnyamata woweta nkhosa amene ankafuna kukwatira, ndipo a Gervasio sanachedwe, anamutcha Sungani. Pakamwa panatseguka ngati kale. Apongozi ake a Sungani anawapatsa mawu a mkulu wina wodziwika ndi umbombo pamsika pomwepo, holo yonse inagwa ndi phwete, ngakhale ana a ku yunivesite aja anaiwala ulemu wawo. Tiyese ankanong'oneza, iwo ankathira mchere. Mayi Amelia ankamwetulira, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera mawu a amuna awo, osati kukhoma.

Kenako mufilimumo munagwa chimvula, mtsinje unadzadza, nkhosa ina inakokoloka, Sungani anailumphira. Chithunzi chotsatira, azibambo anali atamunyamula pachitseko, dzanja likulendewera.

Anthu anatembenukira kwa a Gervasio, akumwetulira kale. Iwo anatsitsa mawu, mofatsa muja.

"Sanafe ameneyo. Wangomwa madzi ambiri. Akupita naye kuchipatala."

Holo yonse inaomba m'manja. Tiyese anawagwira pamkono kuti, "Ankolo inu," koma nayenso ankaseka.

Mafilimu amene a Gervasio anawazolowera, munthu akagwa kamera imathamangira kwina kukatsata wopambana, wogwayo n'kuiwalika. Iyi sinathamangire kulikonse. Inalowa nawo m'nyumba. Inaonetsa amayi akumusambitsa mnyamatayo, akumupesa tsitsi, akumumanga chibwano ndi kansalu. Inaonetsa azibambo akukumba, dothi likuuluka, mmisiri akukhoma bokosi, msomali ndi msomali. Nyimbo munalibe. Mawu olembedwa m'munsi aja anatha, Tiyese analibenso chonong'oneza. Ndiye mayi wa mnyamatayo anayamba kulira. Chinenero chinali chachilendo, koma panalibe amene anafunsa kuti akuti chiyani. Holo yonse inangoti zii.

A Gervasio anakweza maiki kufika pakamwa, n'kuitsitsa. Anakwezanso, mawu osatuluka. Ankayang'ana mayi wa pakhomayo atagwira nkhope ya mwana wake ndi manja onse awiri, ndipo chimene chinawabaya mtima n'chakuti mayi ameneyu ndiye anali ndi mwayi. Wake anamusambitsa, anamutseka maso, ndipo anzake anali atamuzungulira.

"Bambo a Melvin," anatero mayi Amelia, osakweza mawu. "Mwakhala chete bwanji? Akutani?"

"Aku... akumusamalira."

"Ndikumva makasu. Ndikumva misomali."

Mayi Amelia anapapasa pabenchi mpaka anapeza bondo la amuna awo.

"Ine ndakhala pambali panu kuyambira kukampu. Mawu aja mumanenera kuti sanafe, ndimawadziwa kuposa aliyense muno. Mumawatsitsa, mumawafewetsa. Ndi mawu omwewo amene munandiuzira za kumunda wa mphesa."

"Munkadziwa?" Mawu a a Gervasio anatuluka ngati a mwana.

"Kuyambira tsiku la mtedza lija. Koma ndikanalira bwanji maliro amene sanalengezedwe? Ndikanati ndamva kwa yani? Ndinkamva mmene mukuondera ndikakukhudzani, ndiye ndinkati ndidikire, alimbe mtima kaye, anena okha. Koma ndatopa, bambo a Melvin. Misozi yandidzadza m'mutu muno. Nenani, ndimulire mwana wanga."

Abale, maiki inali yoyaka. Palibe anakumbukira kuizimitsa. Zonsezi zinamveka m'holo, zinamveka panja pamtengo paja, mpaka ogulitsa pamsika anasiya kuitanira malonda. A Gervasio anaimirira, anagwira maiki ndi manja awiri.

"Abale anga a pa Thambani," anatero, osatsitsa mawu, osawafewetsa. "Mwana wathu Melvin anatisiya. Anamwalira ku Joni, anaikidwa konko. Wamwalira Melvin."

Anatembenuka msanga kuti awagwire akazi awo, poyesa akugwa. Sanagwe. Anakhala chowongoka, manja ali pamiyendo. Kwathu kuno maliro sitiyamba kulira amfumu asanamve, ndipo mayi Amelia, amene anabwera m'dziko lino ngati mlendo, mwambo umenewo ankausunga kuposa eni nthaka.

"Tumani munthu kwa amfumu," anatero. "Achite changu."

A Trust a kabaza anali atatuluka kale, akupalasa njinga ngati akuthamangitsidwa. Amayi a m'holo anayamba kusuntha mabenchi, kudzakhala pansi mozungulira mnzawo, aliyense akumangitsa chitenje m'chiuno. Amene ankayendetsa pulojekita anayang'ana Tiyese kuti kodi azimitse. Tiyese, misozi ili mbwembwembwe, ankangoyang'ana mayi Amelia, ndiye filimu inapitirira yokha pakhoma, anthu a dziko la nkhosa akutsitsira bokosi m'manda popanda wowayang'ana.

"Anasiya kanthu?" anafunsa mayi Amelia.

"Jekete lake. Lili kukanyumba."

"Kanditengereni."

A Gervasio anatuluka. Anadutsa pamsika pakati pa anthu amene kwa zaka zonsezi anawaseketsa, ndipo anthuwo ankawapatukira, azibambo akuvula zipewa. Ena anali atayamba kale kuthyola nthambi zoti aike pamsewu. Anatsegula kanyumba, anakhuthula ma CD aja pansi, anatenga jekete, n'kubwerera nalo atalikumbatira pachifuwa. Analiika pamiyendo ya akazi awo.

Mayi Amelia analipapasa kuyambira kukolala, anatsata zipi, analowetsa dzanja m'thumba lililonse. Anapeza pamene panang'ambika pachigongono, posokedwa ndi ulusi wokhuthala, kusoka kwa mwamuna wopanda womusokera. Anakhala atagwira pamenepo, mapewa akugwedezeka, koma mawu osatulutsa. Mayi wina anawagwira kumsana, wina anawagwira mapazi. Onse ankamvetsera kumsewu.

Belu la njinga linamveka panja. A Trust analowa thukuta lili kamukamu, anagwada pakhomo.

"Amfumu amva. Akubwera."

Pamenepo mayi Amelia anakwirira nkhope m'jekete muja.

"Melvin mwana wanga ine! Mayo ine, Melvin!"

Amayi onse analandira. A Gervasio anakhala pansi pafumbi, pakhomo la holo, ndi shati yawo yoyera ija, n'kulira mwana wawo anthu akuona.